Mmene Mungayezere Ngati Linux Yokompaila Nokha Imathamangadi Kuposa ya Mapakeji Okonzeratu

Pakati pa anthu ogwiritsa ntchito Linux muno mu Lusaka, mkangano wa kukompaila, kapena kuti kumanga pulogalamu wekha kuchokera ku malemba ake oyambirira (source code), sutha. Wina amaumirira kuti kompyuta yake ya Linux ya mtundu wa Gentoo, imene pulogalamu iliyonse anaimanga yekha kuchokera ku source code, imachita kuuluka, pamene mnzake wa Debian kapena Ubuntu amayankha kuti iye anamaliza kuika zonse asanamwe n'komwe tiyi wachiwiri ndipo saona kusiyana kulikonse. Onse awiri amanena zimene maso awo akuona, koma maso amanamiza, makamaka maso a munthu amene wagona mochedwa masiku atatu akudikira kompyuta kuti imalize kumanga. Njira yothetsera mkanganowu pa kompyuta yanu ndi kuyeza, ndipo kuyeza koona kumafuna kuti musinthe chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale mmene zinalili.

Chifukwa chimene anthu amayembekezera liwiro n'chomveka. Amene amakonza mapakeji (mapulogalamu omangidwa kale) a Debian sadziwa kompyuta imene inu muli nayo, choncho amamanga mapulogalamu awo kuti agwire ntchito pa purosesa iliyonse ya mtundu wa x86-64, ngakhale yofanana ndi zoyambirira zimene AMD inatulutsa mu 2003. Purosesa zatsopano zili ndi zida zina zowerengera manambala ambiri nthawi imodzi, monga AVX2 imene inabwera ndi purosesa za Intel za Haswell mu 2013, koma pulogalamu yomangidwira aliyense nthawi zambiri sizigwiritsa ntchito zidazi. Mukamanga nokha n'kuuza GCC, pulogalamu yokompailira (compiler), kuti -march=native, mumailola kugwiritsa ntchito chilichonse chimene purosesa yanu ili nacho. Funso ndi lakuti phindu lake ndi lalikulu bwanji pa ntchito yanu, ndiponso ngati likubweza nthawi ndi magetsi amene mwawononga.

Yambani ndi kusankha ntchito yoti muyeze

Mawu akuti liwiro la operating system satanthauza chinthu chimodzi. Pali nthawi imene kompyuta imatenga kuti iyake, pali nthawi yotsegulira pulogalamu, ndipo pali nthawi imene purosesa imathera pa ntchito yolemera monga kupanikiza mafayilo, kusintha kanema kapena kuwerengera masamu. Zoyamba ziwirizo zimadalira kwambiri disiki ndi kuchuluka kwa mapulogalamu amene amayamba okha, ndipo kukompaila sikuzikhudza kwenikweni. Ngati laputopu yanu ikadali ndi hard disk yozungulira, SSD idzakupatsani kusintha kumene palibe flagi ya GCC (mawu olamula monga -march=native) imene ingakupatseni. Choncho lembani papepala ntchito ziwiri kapena zitatu zimene mumachitadi sabata iliyonse ndipo zimakudikiritsani, n'kuyeza zimenezo. M'malangizo ano tigwiritsa ntchito xz, pulogalamu yopanikiza mafayilo, chifukwa ndi yaing'ono, imamangika pa mphindi zochepa, ndipo imagwiritsa ntchito purosesa kwambiri kuposa disiki.

Dziwani purosesa yanu

Tsegulani terminal n'kulemba lscpu kuti muone dzina la purosesa ndi chiwerengero cha ma core ake, zigawo zake zimene chilichonse chimagwira ntchito pachokha. Kenako lembani lamulo ili:

/lib64/ld-linux-x86-64.so.2 --help

Chakumapeto kwa zimene zituluke mudzaona mizere ya x86-64-v2, x86-64-v3 ndi x86-64-v4, ndipo pafupi ndi imene purosesa yanu imakwanitsa padzalembedwa kuti supported. Magawo amenewa anagwirizanidwa mu 2020 ndi AMD, Intel, Red Hat ndi SUSE, ndipo gawo la v3 ndi limene lili ndi AVX2 ndi FMA. Lamuloli limaonetsa zimenezi ngati glibc yanu, laibulale yaikulu imene mapulogalamu ambiri a Linux amadalira, ndi 2.33 kapena yatsopano kuposa pamenepo. Malaputopu ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito amene timagula m'tauni ndi ku Kamwala ali ndi Core i5 ya m'badwo wachiwiri kapena wachitatu, imene imathera pa v2. Mwini wake wa laputopu yotere asayembekezere zambiri, chifukwa AVX2 ndi FMA, zimene -march=native ikanatsegula pa purosesa yatsopano, mulibemo n'komwe.

Konzani kompyuta, ndipo ganizirani za kutentha ndi magetsi

Gawo ili ndi limene anthu ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limawononga zotsatira kuposa china chilichonse. Laputopu ikakhala pa batire imadzichepetsera liwiro kuti isunge moto, choncho ilumikizeni ku magetsi pa mayeso onse, ndipo ngati magetsi azima muli pakati, tayani zotsatirazo muyambirenso akabwera. Amene tinali mu Lusaka mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima kwa maola ochuluka tsiku lililonse, tikudziwa kuti zimenezi si zongonena. Tsekani browser, imitsani chilichonse chimene chikukopera mafayilo pa intaneti, ndipo uzani purosesa kuti isamasinthesinthe liwiro:

sudo cpupower frequency-set -g performance

Kutentha nakonso kumanamiza. Purosesa ikatentha kwambiri imadzibweza yokha kuti isapse, ndipo m'mwezi wa October, masana dzuwa lili paliwombo, laputopu yodzaza fumbi m'kati imafika msanga pamenepo. Mukayeza pakeji ya Debian 14 koloko masana n'kuyeza yanu yokompaila usiku kutazizira, ndiye kuti mwayeza nyengo, osati mapulogalamu. Ikani laputopu patebulo louma, osati pabedi kapena pamiyendo, pukutani fumbi pa malo otulukira mpweya, ndipo tsegulani terminal yachiwiri mmene muzionera kutentha ndi lamulo lakuti watch sensors, lochokera mu pakeji ya lm-sensors. Koposa zonse, musayeze mutangomaliza kukompaila, chifukwa nthawi imeneyo purosesa imakhala ikadali yotentha. Ipatseni mphindi khumi ipume.

Konzani fayilo yoyesera ndi chida choyezera

Ikani hyperfine, pulogalamu imene imathamangitsa lamulo kambirimbiri n'kukupatsani avareji pamodzi ndi kukula kwa kusinthasintha kwake. Pa Debian ndi Ubuntu lembani sudo apt install hyperfine. Lamulo lakale la time nalonso limayeza, koma limayeza kamodzi, ndipo muyeso umodzi sungakuuzeni ngati kusiyana kumene mwaona ndi kwenikweni kapena kwangochitika. Pa fayilo yoyesera musasankhe zithunzi za JPEG kapena makanema, popeza zimenezo n'zopanikizidwa kale. Mangani mtolo wa mafayilo a zolemba wa pafupifupi 50 MB, mwachitsanzo ndi lamulo lakuti tar cf zoyesera.tar /usr/include, ndipo fayilo imeneyi musaisinthenso kufikira mayeso atatha.

Mangani pulogalamu yomweyo kawiri

Cholakwa chofala ndi kukopera xz yatsopano pa intaneti n'kuiyerekeza ndi yakale imene ili mu pakeji. Zikatero simungadziwe ngati liwiro lachokera ku kukompaila kwanu kapena ku zimene olemba pulogalamuyo anakonza pakati pa ma version awiriwo. Tengani source code yeniyeni imene Debian inagwiritsa ntchito. Tsegulani mizere ya deb-src, imene imalola kukopera source code, m'mafayilo a apt, lembani sudo apt update, kenako:

sudo apt build-dep xz-utils
apt source xz-utils

Lowani mu foda imene yatuluka, ndipo ngati mulibe fayilo ya configure yambani ndi ./autogen.sh. Tsopano mangani koyamba ndi maflagi wamba, opanda chilichonse chokhudza purosesa yanu:

./configure --prefix=$HOME/yeso/wamba --disable-shared CFLAGS="-O2"
make -j4 && make install

Mukatero lembani make distclean, n'kumanganso kachiwiri, ulendo uno mu foda ina:

./configure --prefix=$HOME/yeso/native --disable-shared CFLAGS="-O2 -march=native"
make -j4 && make install

Wina angafunse chifukwa chake tikumanga yawamba pamene tili kale ndi ya mu pakeji. Yankho ndi lakuti Debian imaonjezera maflagi ake achitetezo, amene mungawaone polemba dpkg-buildflags --get CFLAGS, ndipo Ubuntu kuyambira pa 24.04, monganso Fedora kuyambira pa 38, imamanga mapakeji ake ndi ma frame pointer kuti kufufuza mavuto kuzikhala kosavuta. Zimenezi zimadyako liwiro pang'ono. Mukakhala ndi mapulogalamu atatu, kusiyana kwa ya mu pakeji ndi yawamba kumakuonetsani mtengo wa zosankha za Debian, pamene kusiyana kwa yawamba ndi ya native kumakuonetsani phindu lenileni la kumangira purosesa yanu.

Mawu akuti --disable-shared ndi ofunika kuposa mmene akuonekera, ndipo ine ndinawaphunzira nditapsa chala. Ntchito yeniyeni yopanikiza sichitika mu pulogalamu ya xz yeniyeniyo koma mu laibulale yake yotchedwa liblzma. Tsiku lina ndinamanga pulogalamu ya mtundu umenewu, n'kukopera fayilo yake yokha kupita ku foda ina, ndipo nditayeza ndinapeza kuti manambala akufanana ndendende ndi a ya mu pakeji. Ndinatsala pang'ono kulengeza kwa anzanga kuti kukompaila n'kutaya nthawi, koma nditalemba ldd pa fayiloyo ndinaona kuti inkaitana laibulale ya mu /usr/lib, kutanthauza kuti usiku wonsewo ndinkayerekeza chinthu ndi icho chomwe. Choncho lembani ldd $HOME/yeso/native/bin/xz, ndipo ngati liblzma sikuoneka pamndandandawo ndiye kuti yalowa m'kati mwa pulogalamu yanu monga mmene tikufunira.

Pokamba za xz, pali nkhani yoona imene imaonetsa ubwino wosanyoza manambala aang'ono. Mu March 2024, Andres Freund, mmodzi wa olemba PostgreSQL, anaona kuti kulowa mu kompyuta pa SSH, njira yolowera muli kutali, kukuchedwa ndi pafupifupi theka la sekondi, ndipo atatsatira chifukwa chake anapeza khomo lachinsinsi limene munthu wina anabisa mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1. Ngati mwapeza ma version awiri amenewa penapake, musawamange.

Yezani

Thamangitsani onse atatu m'lamulo limodzi kuti ayezedwe motsatizana ndi kutentha kofanana:

hyperfine --warmup 2 --runs 15 '/usr/bin/xz -T1 -c zoyesera.tar' '~/yeso/wamba/bin/xz -T1 -c zoyesera.tar' '~/yeso/native/bin/xz -T1 -c zoyesera.tar'

Mawu akuti --warmup 2 amathamangitsa lamulo kawiri popanda kuwerengera, kuti fayilo ilowe mu RAM ndipo disiki isalowerere pa muyeso. Mawu akuti -T1 amauza xz kuti igwiritse ntchito core imodzi yokha, zimene zimachepetsa kusokonezedwa ndi mapulogalamu ena ndipo zimatentha pang'ono. Pamene ikuyeza musakhudze kompyuta, ngakhale kusuntha mbewa. Ikamaliza, bwerezani lamulo lomwelo koma mutembenuze ndondomeko, ya native ikhale yoyamba ndipo ya mu pakeji ikhale yomaliza. Ngati wopambana wasintha chifukwa cha kutembenuzaku, ndiye kuti kutentha ndi kumene kukulamulira zotsatira zanu, ndipo muyenera kukonza zimenezo kaye.

Powerenga zotsatira, yang'anani nambala ya pambuyo pa chizindikiro cha ± musanasangalale ndi avareji. Tiyerekeze kuti ya mu pakeji yatenga masekondi 40.0 ± 0.9 ndipo yanu yatenga 39.4 ± 0.8. Kusiyana kwa 0.6 n'kochepa kuposa kusinthasintha kwa muyeso womwewo, choncho simunapeze kanthu, ndipo kunena kuti yanu yapambana kungakhale kudzinamiza. Koma ikanatenga 36.0 ± 0.5 mobwerezabwereza, pamenepo mukanakhala ndi chonena. Onetsetsaninso kuti mapulogalamu onse akutulutsa chinthu chofanana, potumiza zotuluka zake ku sha256sum, chifukwa pulogalamu yothamanga koma yolakwitsa ilibe ntchito. Chenjezo limeneli limakhudza makamaka amene amakopeka ndi -Ofast kapena -ffast-math, maflagi amene amalola GCC kuphwanya malamulo a kawerengedwe ka manambala a madesimo. Flagi ya -O3 ndi yololeka kuiyesa, ndipo -flto nayonso, koma yesani imodzi pa nthawi ndipo musadabwe mukapeza kuti -O3 yachedwetsa pulogalamu, popeza imakulitsa fayilo ndipo fayilo yaikulu sikwana bwino mu cache, kamalo kakang'ono kosungira zinthu m'kati mwa purosesa.

Mukadzayesa mapulogalamu ena, mudzaona kuti amene mumayembekezera kuti apindula kwambiri ndi amene sasintha. FFmpeg, OpenSSL ndi glibc zili ndi zigawo zolembedwa mwapadera zimene zimafufuza purosesa pulogalamu ikamayamba n'kusankha zokha njira ya AVX2 ngati ilipo, choncho pakeji yokonzeratu imakhala ikugwiritsa kale ntchito zida zimenezo pa malo olemera kwambiri. Firefox yochokera kwa Mozilla imamangidwa ndi PGO, njira imene pulogalamu imayamba yathamangitsidwa kuti compiler ione zigawo zogwiritsidwa ntchito kawirikawiri, kenako n'kumangidwanso potengera zimenezo. Python nayo ili ndi njira yomweyi kudzera mu --enable-optimizations. Mukamanga nokha mapulogalamu amenewa n'kuiwala PGO, n'zotheka ndithu kuti yanu ichedwe kuposa imene mukanangoikopera.

Ngati mukufuna kuyeza dongosolo lonse

Kuika Gentoo pa kompyuta ina ndi Ubuntu pa ina n'kuziyerekeza si muyeso, ngakhale kompyutazo zitakhala za mtundu umodzi, chifukwa kernel (phata la Linux), ma version a mapulogalamu, desktop ndi zinthu zoyamba zokha zimakhala zosiyana. Njira yachilungamo inatseguka mu December 2023, pamene Gentoo, imene Daniel Robbins anaiyambitsa ndipo inatuluka koyamba ngati 1.0 mu 2002, inayamba kupereka mapakeji ake okonzeratu ochuluka. Tsopano mungathe kuyerekeza Gentoo ndi Gentoo yomweyo pa chigawo chimodzi cha disiki.

Ikani Gentoo kuchokera ku stage3, mtolo wake woyambira, ndipo mapulogalamu onse muwaike ndi emerge, chida cha Gentoo choikira mapakeji, polemba emerge --getbinpkg kuti abwere okonzeratu. Pa kernel sankhani gentoo-kernel-bin, imene mudzaisunge yomweyo pa mayeso onse awiri. Yezani ntchito zanu zija ndi hyperfine n'kusunga zotsatira ndi --export-markdown. Ngati munasankha stage3 ya systemd, pulogalamu yoyambitsa zinthu kompyuta ikamayaka, lembaninso systemd-analyze mukayatsa kompyuta, kasanu kapena kuposerapo, kuti mukhale ndi nthawi yoyakira. Mukatero tsegulani /etc/portage/make.conf n'kusintha mzere wa maflagi kuti ukhale COMMON_FLAGS="-O2 -pipe -march=native", ikani CPU_FLAGS_X86 motsatira zimene pulogalamu ya cpuid2cpuflags yakuuzani, ndipo ma USE flag ena onse musawakhudze. Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Ma USE flag amachotsa kapena kuonjezera zigawo za pulogalamu, ndipo kupepuka kumene anthu a Gentoo amakumva kawirikawiri kumachokera ku kuchotsa zinthu zosafunikira kumeneku, osati ku -march=native. Phindu limenelo ndi loona, koma ndi funso lina loyenera muyeso wakewake.

Tsimikizani kuti getbinpkg mulibe mu mzere wa FEATURES wa mu make.conf, kenako mangani zonse ndi emerge --emptytree @world. Pa MAKEOPTS, mzere umene umanena ndi -j kuti ntchito zingati zomanga zichitike nthawi imodzi, musatengeke ndi chiwerengero cha ma core chokha, chifukwa malangizo a Gentoo amati ntchito iliyonse yomanga ipatsidwe pafupifupi 2 GB ya RAM. Laputopu ya 8 GB isapitirire -j4, ndipo ya 4 GB ikhale pa -j2. Mapakeji monga GCC, LLVM, Rust, LibreOffice, Chromium ndi qtwebengine amatenga maola ambiri pa laputopu yakale, ndipo ena mwa iwo angathe kudya usiku wonse. Magetsi akazima batire n'kutha, lamulo la emerge --resume lidzapitiriza pamndandanda pamene munalekezera, koma pakeji imene inali pakati idzayambiranso pachiyambi, choncho mapakeji akuluakuluwo muziwayamba mukadziwa kuti muli ndi maola okwanira a magetsi kapena inveta yodalirika. Kumbukiraninso bandulo ya intaneti, popeza source code ya mapulogalamu akuluakulu amenewa imakhala yolemera, nthawi zina kuposa pakeji yake yokonzeratu. Zonse zikatha, yatsaninso kompyuta, ilekeni izizire, n'kubwereza mayeso aja pa ola lofanana ndi la tsiku loyamba.

Werengerani mtengo wake

Lamulo la genlop -t lotsatiridwa ndi dzina la pakeji limakuuzani nthawi imene pakejiyo inatenga pomangidwa, ndipo nambala imeneyi iyenera kulembedwa pafupi ndi phindu limene mwapeza. Tiyerekeze kuti pulogalamu inatenga maola atatu kumanga, amene ndi masekondi 10,800, ndipo tsopano imakupulumutsirani masekondi awiri pa ntchito iliyonse. Muyenera kuigwiritsa ntchito ka 5,400 kuti mubweze nthawiyo, ndipo version yatsopano ikatuluka mwezi wamawa, ngongoleyo imayambiranso. Kwa munthu amene seva yake imachita ntchito imodzi yolemera usana ndi usiku, masamuwa angathe kumukomera, ndipo iyeyo amange pulogalamu imodziyo yokha, zina zonse azisiye za mapakeji. Kwa wophunzira wa ku yunivesite ya UNZA amene amalemba ma assignment ndi kuwerenga pa intaneti, masamuwa samukomera, ngakhale kuti kumanga Gentoo kamodzi kudzamuphunzitsa za m'kati mwa Linux kuposa mabuku ambiri, ndipo chimenecho ndi chifukwa chokwanira pachokha. Onjezeraninso mayuniti a magetsi, powerenga mita musanayambe ndi mutamaliza ngati mukumanga pa kompyuta yaikulu ya patebulo.

Palinso njira yapakati yoyenera kuiika pa muyeso womwewo ngati purosesa yanu inaonetsa kuti imakwanitsa v3. Gentoo ili ndi mapakeji okonzeratu a x86-64-v3 kuyambira kuchiyambi kwa 2024, ndipo CachyOS, yochokera ku Arch Linux, imapereka mapakeji omangidwira v3 ndi v4. Amenewa amatsegula AVX2 popanda inu kukompaila kalikonse, ndipo mukawayeza ngati mpikisano wachinayi mudzaona ngati -march=native ikuonjezerapo china pamwamba pake.

Mukamaliza, pulogalamu ya mu foda ya native musaikopere pa fulashi kukapatsa mnzanu. Ine ndinachitapo zimenezi, ndi mtima wabwino, kwa msuweni wanga wa ku Matero amene laputopu yake inali yakale kuposa yanga, ndipo pulogalamuyo inangofa pomwepo n'kulemba kuti Illegal instruction, chifukwa inkaitana chida chimene purosesa yake inalibe. Zomwezi zimachitika mukachotsa disiki ya Gentoo yomangidwa ndi -march=native n'kuiika mu kompyuta yakale. Bwezerani purosesa mwakale poyatsanso kompyuta, kapena ndi cpupower frequency-set -g n'kutchula governor (kayendetsedwe ka liwiro) imene inalipo musanaike performance, kuti batire isamathe msanga, fufutani foda ya yeso ngati simukuifunanso, ndipo sungani fayilo ya zotsatira pamodzi ndi dzina la purosesa, version ya GCC ndi tsiku limene munayeza, kuti mukadzagula kompyuta ina mudzakhale ndi poyambira.